Magemu a mfuti: akale kapena a pa foni?

Mnyamata wina wa ku komboni ya Mchini ku Chipata wanditumizira imelo. Akufuna kuchititsa mpikisano wa magemu a mfuti pa shopu ya mkulu wake, ndiye akufunsa ngati magemu akale analidi abwino popikisana, kapena ife akuluakulu timangolira zakale. Mawu omalizawo andikhudza, mphwanga.

Ife tinkasewera Counter-Strike 1.6, ya mu 2003, m'kachipinda kena pafupi ndi msika wa Kapata. Makompyuta okalamba, mawaya akukwawa pansi pa matebulo, intaneti kulibe. Aliyense ankayamba ndi madola 800 a m'gemumo ndi kamfuti kakang'ono. Mfuti yaikulu ngati AK-47 kapena AWP unkaigula ndi ndalama zomwe wazipeza pomenyanapo. Gulu likagonja, tinkanong'onezana kuti ulendo uno tisagule kanthu, tisungire wotsatira. Ndipo wokuwomberayo anali pomwepo, mipando iwiri kuchokera pa iwe, ukumva mpando wake ukulira pamene akuseka. Wobera sakanabisala, chifukwa tonse tinkadziwa kwawo ndi amayi ake. Ena anayambira pa GoldenEye 007 ya Nintendo 64, ya mu 1997: anthu anayi pa TV imodzi yogawidwa panayi, kukangana kuli pa kusuzumira mbali ya mnzako ndi pa Oddjob, munthu wa m'gemumo yemwe ankaletsedwa chifukwa cha kufupika kwake.

Zinayamba kusintha pamene Halo 2 mu 2004 inazolowetsa anthu kuti makina ndiwo azikusankhira adani pa intaneti. Kenako Call of Duty 4 mu 2007 inabwera ndi maudindo okwera ndi mphoto: ukapha atatu osafa umaona pamene adani ali, asanu uitana ndege, asanu ndi awiri helikopita. Ine ndikuti mpikisano unapotokera pamenepo. Wopambana kale ukumupatsanso helikopita kuti atani?

Zabwino za lero sindizikana. PUBG Mobile imaponya anthu 100 pa chilumba chimodzi, Free Fire anthu 50, ndipo mwana wa ku Katete kapena Lundazi amalowa ali khale pakhonde. Koma maseva, makompyuta oyendetsa gemuyo pa intaneti, ali kutali. Iwe umawombera, chipolopolo chikamafika mnzako wachokapo kale, ndipo amene ali ndi foni yodula amakuona iwe usanamuone. Mu Free Fire, mfuti zina zogula ndi madayamondi (ndalama za m'gemumo, zogulidwa ndi ndalama zenizeni) zimawonjezera mphamvu. Ndaonapo mwana wa mlongo wanga akuthera ndalama za ganyu pa mabandulo ndi madayamondi, kenako magetsi nkuthima, netiweki nkugwa, udindo wake nkutsika chifukwa cha gemu yomwe sanaimalize. Anakhala chete tsiku lonse, nsima osaikhudza. Pamenepo wagonja ndi luso la munthu kapena ndi thumba?

Nanga mpikisano wako?

Peza makompyuta khumi, kapena asanu ndi limodzi ngati ndiwo alipo, uwalumikize ndi mawaya pa switch imodzi (kabokosi kolumikizira makompyuta), muike Counter-Strike 1.6 pa mapu a de_dust2, magulu awiri ofanana. Ngati anyamata akukakamira mafoni, tsegulani chipinda chanuchanu mu Call of Duty Mobile, onse pa Wi-Fi imodzi, ndipo mugwirizane mfuti zololedwa musanayambe. Jenereta ikhale ndi mafuta.