Geni ya makompuresa a matayala: yankho kwa achimwene a ku Dwangwa

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mwati mwasonkhanitsa kampamba, mukufuna kuyamba kuoda kunja makompuresa opopera matayala kuti muzigulitsa kwa a mapikapu kwanu ku Dwangwako, ndiye mukufuna kudziwa momwe ulendo umayendera komanso kompuresa yoyenera kugula. Ine ndiyamba ndi katunduyo. Njira ya ku Dar es Salaam aliyense wa pa depoti angakulozereni, koma mukalakwitsa posankha katundu, mpamba wonse umagona m'makatoni pansi pa bedi.

Ndikunena zimene zinandichitikira. Ulendo wanga woyamba ndinaoda timakompuresa 20, tija tolumikiza pa soketi yoyatsira fodya. Pa bokosi analembapo 300 PSI (PSI ndi muyeso wa kulimba kwa mpweya m'tayala) ndi zilembo zofiira zikuluzikulu, ine n'kumati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Woyamba kugula anali bambo wina wa Hilux amene amanyamula mpunga ku Lifuwu. Pasanathe sabata anabwera pa benchi panga pa Kamuzu Road ku Salima atanyamula kakompuresako m'jumbo. Sanakalipe. Anangokaika patsogolo panga n'kunena kuti, "Nunkhizani." Kankanunkha pulasitiki wopsa. Titakatsegula tinapeza kagiya ka pulasitiki katasungunuka, mano onse atafafanizika, ndipo fyuzi ya galimoto yawo nayonso inali itapsa. Anali atapopa tayala limodzi ndi theka basi, pamchenga, dzuwa lili paliwombo. Ndinawabwezera ndalama zawo, ndipo manyazi a tsiku limenelo ndi amene anandiphunzitsa katunduyu.

Choyamba mvetsani chifukwa chake anthu a kunyanja kuno amafuna kompuresa. Galimoto ikamatsika pa M5 kulowera kumadoko kokatenga usipa, kaya ku Senga Bay, kaya cha ku Chia, imakumana ndi mchenga. Dalaivala wodziwa amayamba waphwetsa matayala, kuchoka pa 32 kapena 35 PSI kufika cha pa 18 kapena 20, kuti tayala liphwatalale, liyende pamwamba pa mchenga m'malo mokumba n'kutitimira. Koma akabwerera pa tala ayenera kupopanso onse anayi, apo ayi tayala limatentha, limatha m'mbali, mwinanso kuvuka pa rimu akakhota mothamanga. Ndiye ntchito ya kompuresa ya munthu wotere si kuwonjezera kampweya kamodzi pamwezi ayi. Ndi kudzaza matayala anayi akuluakulu motsatizana. Chimodzimodzi amene amadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota pa msewu wa ku Kasungu. Mkati muja simupezamo mnyamata wopopa matayala, ndipo si malo oti munthu aziima nthawi yaitali kudikira kakompuresa kuti kazizire.

Nambala ya PSI ya pa bokosi isakutengeni mtima. Tayala la pikapu silifuna 300 kapena 150. Nambala yofunika ndi malita a mpweya pa mphindi, imene amalemba kuti L/min, nthawi zambiri ndi tizilembo tating'ono kumbuyo kwa bokosi. Tating'ono tija timatulutsa malita 20 mpaka 35. Ya silinda imodzi yachitsulo imakhala cha pa 70, ya masilinda awiri cha pa 150 kapena 160. M'kuyesa kwanga pa tayala la Hilux, ya masilinda awiri imamaliza pa mphindi ziwiri, ya silinda imodzi pa mphindi zitatu kapena zinayi, pomwe kakang'ono kamadya mphindi 10 n'kupitirira, ngati sikafera panjira. Dziwaninso kuti malita olembedwawo amayeza payipi isanalumikizidwe ku tayala. Tayala likayamba kulimba, mpweya umalowa pang'onopang'ono kuposa pamenepo.

Kenako yang'anani magetsi. Soketi ya fodya fyuzi yake nthawi zambiri ndi ya ma ampu 10 kapena 15, pomwe kompuresa yamphamvu imakoka 30, ina mpaka 45. N'chifukwa chake yeniyeni imabwera ndi zopanira ziwiri za pa batire, chofiira ndi chakuda, waya wokhuthala, komanso fyuzi yakeyake pa wayapo. Mukaona bokosi lolonjeza malita 150 koma pulagi yake ndi ya pa soketi ya fodya, lisiyeni pomwepo. Ndipo wogula aliyense muzimuuza kuti popopa injini izikhala ikulira. Ena amaganiza kuti akusunga mafuta, mapeto ake matayala alimba koma galimoto yakana kulira. A malole aakulu muziwafunsa kaye, chifukwa ambiri ndi a 24V, pomwe makompuresa ambiri a m'mashopu ndi a 12V.

Chinthu china chimene amachitcha duty cycle n'chakuti kompuresa ingalire nthawi yaitali bwanji isanafune kupuma. Zabwino zili ndi kachipangizo kozimitsa kokha ikatentha kwambiri. Kuno kwathu mu Okutobala, chitsulo chimaotcha ngakhale chisanayambe ntchito, ndiye ine yopanda kachipangizo kameneka sindiodanso. Inyamuleni m'manja: yabwino imalemera, mutu wa silinda umakhala wachitsulo wokhala ndi timizere totayira kutentha, ili ndi kasefa koletsa fumbi ndi mchenga, ndipo payipi yake iyenera kufika ku tayala lakumbuyo kompuresa ili pafupi ndi batire. Geji yake musaikhulupirire kompuresa ikulira, imanama. Muzimitse kaye kenako muwerenge. Ine ndimaoda timageji ta m'manja padera, ndipo timayenda malonda kuposa momwe ndinkaganizira.

Pali za mayina ngati ARB ya ku Australia. Ndi zolimba ndithu, koma mtengo wake ndi wa mabungwe ndi a malo ogona alendo. Imeneyo muziitanitsa pokhapokha munthu wapereka kale ndalama. Ndi mpamba woyambira, tengani zapakatikati zochokera ku China, koma zoyesedwa.

Tsopano ulendo. Inu muli kale panjira ya kumpoto: Nkhata Bay, Mzuzu, kutsika Chiweta, Karonga, mpaka pa Songwe. Mukaoloka mlatho muli pa Kasumulu, kenako Mbeya, Iringa, Morogoro, n'kufika Dar es Salaam. Mashopu a zipangizo za galimoto ali ku Kariakoo. Ena amapita ku Johannesburg kudzera pa Mwanza kapena Dedza, n'kudutsa Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Kumeneko katundu wa magalimoto oyenda m'tchire ndi wambiri komanso wabwinopo, koma ulendowo ndi wautali ndipo umadya ndalama. Kwa woyamba, ine ndingati Dar es Salaam. Pasipoti ikhale yabwinobwino, ndipo ulendo woyamba mupite ndi munthu amene anapitako kale.

Mu shopu musachite manyazi. Tsiku loyamba ingoyendani kufunsa mitengo, osagula kanthu. Mukasankha, auzeni kuti atsegule bokosi lililonse, alumikize pa batire, muimve ikulira. Tsekani kukamwa kwa payipi ndi chala muone ngati geji ikukwera msangamsanga. Ine wamalonda wina anandionetsa yabwino pa kauntala, koma katoni imene anyamata ake anamanga kuseri ndinakaitsegulira ku Salima, n'kupezamo zitatu zopanda mapayipi. Kuyambira pamenepo katoni imamangidwa ine ndikuona, ndipo ndimalembapo dzina langa mbali zonse. Lisiti muitanitse, lolembedwa mtundu wa katundu, chiwerengero ndi mtengo weniweni.

Pa boda a MRA adzafuna kuona katundu ndi lisitilo, ndipo pali msonkho wolowetsera katundu komanso VAT. Mudzamva anthu akukamba za ndondomeko yopeputsira amalonda ang'onoang'ono ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Imeneyo ndi ya katundu wopangidwa m'mayiko a m'bungwelo, monga wochokera ku Zambia kudzera pa Mchinji. Kompuresa ya ku China siilowamo, ndiye msonkho muuwerengeretu musananyamuke. Adzakupezaninso anyamata okunong'onezani kuti akuolotserani katundu panjira yachidule. Akanizeni. Kuchokera pa Songwe kufika kwanu pali malodibuloko angapo, ndipo pepala la MRA ndi limene limakulankhulirani. Ndaonapo mayi akulira pambali pa msewu katundu yense atatsitsidwa, ndalama imene ankafuna kupulumutsa inali yochepa poyerekeza ndi imene anataya.

Chimene chimapha geni imeneyi mwakachetechete ndi ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene tinagulitsa pa mtengo wakale tinkaona ngati tapindula, koma pobwerera kokaoda ndalama yomweyo inagula katundu wochepa kwambiri. Ndiye poika mtengo musamawerengere zimene munagulira zokha. Phatikizani basi, malo ogona, chakudya, wonyamula katundu, msonkho, imodzi kapena ziwiri zimene zidzabwezedwe, kenako mudzifunse kuti kukaitenganso ina ngati yomweyi mawa kudzafuna mashilingi angati.

Kompuresa si sopo, munthu akagula yabwino sabweranso mwezi wamawa. Choncho musathire mpamba wonse m'menemo. Ulendo woyamba tengani zisanu za masilinda awiri, zisanu za silinda imodzi, ndi tating'ono tochepa ta a Sienta ndi a njinga zamoto, koma muziwauza chilungamo kuti n'tongowonjezera mpweya. Malo otsala m'katoni mudzaze ndi mavavu, mafyuzi, timageji ndi zida zomatira matayala opanda chubu, chifukwa tinthu timeneti ndi timene timabweza ndalama ya basi. Pa benchi panu pakhale batire ndi tayala lakale lili pa rimu. Wogula akafika, phwetsani tayalalo iye akuona, mumupatse foni agwire nthawi yekha, inu mulumikize kompuresa. Ngati mungadutse ku Salima musananyamuke, mudzandipeze pa Kamuzu Road, tidzatsegule imodzi yabwino ndi kaja kakupsa kaja, kamene ndinakasunga, mudzaone mkati mwake ndi maso anu.