Antigeni ya chitopa yatsika pa HA mutaithira formalin

Achimwene, mwafunsa kuti antigeni yanu ya chitopa (madzi a m'dzira okhala ndi kachilombo ka chitopa) inkawerenga 1:512 pa HA (kuyeza mmene kachilombo kamagwirira pamodzi maselo ofiira a magazi), koma mutaipha ndi formalin yafika 1:64, ndiye muitaye kodi? Musataye msanga.

Chimene chimagwira maselo ofiira a nkhuku ndi puloteni ya HN yomwe ili pakhungu la kachilomboka. Formalin amamanga mapuloteni pamodzi, ndipo akachuluka kapena akakhalitsa pa 37°C, HN imauma n'kuleka kugwira bwino. Mlingo woyenera wa formalin ndi gawo limodzi pa 1000, kutanthauza 0.1 ml ya formalin wa m'botolo, uja wokhala ndi formaldehyde 37 mpaka 40%, mu 100 ml ya madzi a m'dzira. Ambiri amasokoneza formalin ndi formaldehyde powerengera, n'kuthira wochuluka kuposa kawiri. Beta-propiolactone, mankhwala ena ophera kachilombo, kawirikawiri saononga HA kwambiri chifukwa amalimbana makamaka ndi RNA, chibadwa cha mkati mwa kachilombo, koma akasweka amasanduka asidi, choncho yezani pH. Amayambitsanso khansa, musamutsegule kunja kwa hood, kabati yokoka mpweya woipa.

Komabe ife tikukayikira kutentha. Mwezi wa Okutobala kuno ku Chipata benchi imatentha, ndipo HN yomweyo ili ndi enzaimu yotchedwa neuraminidase imene imamasula maselo amene yagwira. Mukachedwa kuwerenga, maselo amagwa pansi ngati mulibe kachilombo. Bwerezani motere: 25 µl ya PBS (madzi a mchere a m'labu) ya pH 7.0 mpaka 7.2 m'mabowo a V a mbale yoyezera, sungunulani antigeni mochepetsa ndi theka bowo lililonse (1:2, 1:4, 1:8...), onjezani PBS ina 25 µl, kenako 25 µl ya maselo a 1% otsukidwa katatu. Ikani pa 4°C kwa mphindi 60. Kudikira mphindi 40 zokha n'kwa chipinda cha 20°C. Pendeketsani mbale powerenga: bowo limene maselo ayenderera ngati msozi mulibe HA. Maselo akale, amene PBS yake yayamba kufiira, asiyeni.

Ngati firiza inasungunuka magetsi atapita n'kuumanso, chimenecho chokha chimatsitsa nambala. Gawani antigeni m'timachubu tating'ono.

Ikakhalabe 1:64, imagwirabe ntchito pa HI, kuyeza chitetezo m'magazi a nkhuku: 4 HAU (mayuniti anayi a HA) amene amafunika pamenepo ndi kusungunula 1:16, ndipo muzitsimikizira mlingowo tsiku lililonse loyeza. Chonde, HA sikuuzani ngati kachilombo kafa, popeza kakufa nakonso kamagwira maselo. Bayani antigeniyo m'mazira a masiku 9 mpaka 11, mubwereze kachiwiri, madzi ake akapanda kusonyeza HA ndiye muitulutse m'labu.