Funso la mnyamata wa ku Luchenza: popanda Mulungu, choipa n'chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Luchenza. Akuti anasiya kupemphera, ndipo amakhulupirira kuti kulibe china koposa zimene timaziona ndi kuzikhudza: dothi, magazi, ubongo. Azakhali ake amuuza kuti basi, asanduka nyama. Ndiye akufunsa: "Kodi chilengedwe pachokha chingandiuze chabwino ndi choipa?"

Achimwene, choyamba azakhali anuwo akuzinyoza nyama. Charles Darwin, katswiri wa sayansi ya zamoyo, analemba mu 1871 kuti chikumbumtima chinaphuka kuchokera ku chibadwa cha zamoyo zokhala m'magulu. Mu 2003 ofufuza za khalidwe la nyama, Sarah Brosnan ndi Frans de Waal, anayesa tianyani totchedwa capuchin: tiwiri tagwira ntchito imodzi, kena akapatsa mphesa, kena nkhaka. Kolandira nkhaka kaja nthawi zambiri kamakana. Ine ndikamva zimenezi ndimakumbukira mayi wina wothyola tiyi amene ndinamuona pa sikelo, chitenje chili chinyowere ndi mame, kapitawo atamulembera makilo ochepa. Sanalankhule. Anangoyang'ana dengu lake, kenako cholembera cha kapitawo. Mkwiyo umenewo sanauphunzire ku Sande sukulu.

Ndiye mbewu ya chilungamo ilimo m'magazi mwathu, sindikutsutsa. Pondivuta ndi pena. David Hume, woganiza mozama wa ku Scotland, anaona kalekale, mu 1740, kuti anthu amadumpha kuchoka pa "zinthu zili chonchi" n'kukatera pa "ziyenera kukhala chonchi", osaonetsa mlatho. Taganizani za thangata. Mawuwa poyamba ankatanthauza kuthandizana kumunda. M'maesiteti a atsamunda kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje anasanduka ntchito yokakamiza, yolipirira malo amene munthu wamangapo kanyumba kake. Kuthandizanako n'kwachibadwa, dyeralo n'lachibadwanso. Fisi akagwira mbuzi sitimutengera kubwalo. Nanga mwini esiteti amene anadya thukuta la anthu, n'kufa ali wokhuta, chilengedwe chimuzenga mlandu wanji? Kwa icho, iyeyo ndiye anapambana.

Opemphera asaombe m'manja msanga. Plato, woganiza mozama wa ku Girisi wakale, anafunsa kale ngati chinthu chimakhala chabwino chifukwa milungu yachikonda, kapena milungu imachikonda chifukwa n'chabwino kale. Ndiponso mu 1915, pamene John Chilembwe anaukira azungu ku Chiradzulu, thangata ili limodzi mwa madandaulo ake, Baibulo linali m'nyumba za mbali zonse ziwiri.

Kwa ine chilengedwe chimafotokoza bwino chifukwa chake mtima umawawa tikaona mnzathu akuberedwa, koma sichikwana kundiuza chifukwa chake ndiyenera kumvera kuwawako tsiku limene kuba kukundipindulira ineyo. Ena amati poti tonse timamva ululu mofanana, pamenepo pakwana. Ndi poyambira pabwino, koma onani kuti mawu akuti "tonse ndife ofanana" mwawabweretsa ndinu, simunawatole m'phiri la Mulanje.

Mukandilemberanso, mundiuze chimene mungamuyankhe kapitawo uja atakufunsani kuti, "Palibe wandigwira, ana anga adya, ndiye vuto lili pati?"