Za PTH ya amayi anu amene ali pa dayalisisi

Achemwali, pepani ndi matenda. Mwafunsa ngati kukwera kwa PTH (homoni ya m'magazi) kumene adokotala apeza mwa amayi ndi matenda a chithokomiro, komanso ngati n'kumene kukuwapweteketsa mafupa. Chithokomiro ayi, koma za mafupazo n'zotheka ndithu. Kuseri kwa chithokomiro kuli tiziwalo tinayi totchedwa parathyroid, kalikonse kukula kwake ngati kambewu ka mpunga. Timeneti ndi timene timatulutsa PTH, amene ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti kashiamu asachepe m'magazi.

Impso zikafooka zimalephera kutaya fosifeti (mchere wina wochokera m'zakudya) mumkodzo, zimalepheranso kukonza vitamini D kuti agwire ntchito, ndiye matumbo sayamwa kashiamu wokwanira. Tiziwalo tija timayamba kutulutsa PTH usana ndi usiku mpaka timakula, ndipo kashiamu wosowayo amakachotsedwa m'mafupa. Mafupa amawawa, ena amathyoka munthu atangoterereka pang'ono. Choopsa kwambiri sichioneka ndi maso: kashiamu ndi fosifeti zimakaunjikana m'mitsempha ya magazi, mitsemphayo n'kuuma, mtima n'kumavutika.

Nambala ya PTH ya pa pepala la zotsatira isakuthamangitseni magazi. Kwa munthu wa impso zabwino, malire m'malabu ambiri amakhala cha m'ma 65 pg/mL, koma kwa wa dayalisisi (kusefa magazi ndi makina) malangizo a KDIGO, bungwe la akatswiri a impso padziko lonse, amalola kuyambira kawiri mpaka ka 9 kuposa malirewo. Choncho PTH wa 300, mwachitsanzo, si wodetsa nkhawa. Kumutsitsa mopitirira n'kolakwikanso, chifukwa mafupa amasiya kudzikonza.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa mapiritsi ogwira fosifeti wa m'chakudya kuti asalowe m'magazi, monga calcium carbonate kapena sevelamer. Amenewa amagwira ntchito m'mimba, akakumana ndi chakudya. Munthu akamwa m'mawa asanadye kanthu, kapena patapita maola atadya, wangowononga mankhwala. Mbale ikafika patebulo, piritsi likhale pambali pake. Makina a dayalisisi paokha samaliza fosifeti yense, n'chifukwa chake kudumpha tsiku kapena kuchoka pamakina nthawi isanakwane kumabwezera zinthu m'mbuyo. Zakumwa za kola ndi nyama zam'zitini azipewe, fosifeti wothiramo ku fakitale amalowa m'magazi pafupifupi yense. Koma musawamane zakudya zomanga thupi, munthu wa dayalisisi amazifuna kwambiri.

Chonde musawagulire nokha mapiritsi a kashiamu kapena vitamini D poti mafupa akuwawa. Mankhwala ngati calcitriol ndi cinacalcet amaperekedwa adokotala ataona kashiamu, fosifeti ndi PTH pamodzi. PTH akakanirira pamwamba pa 800 ngakhale akumwa mankhwala, pamakambidwa za opaleshoni yochotsa tiziwaloto. Ikachitika, kashiamu amatsika kwambiri masiku oyamba, ndiye akamva dzanzi m'milomo kapena m'zala muuze anamwino nthawi yomweyo.