Munda wa kakitasi ndi alovera: kodi tikabzala tingausiye?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Akuti kuseri kwa tchalitchi chawo kuli malo ouma amene anthu anasandutsa dzala, ndipo iwo ndi anzawo angapo adzipereka kuti abzalepo kakitasi ndi zomera zina zosunga madzi m'masamba, poti madzi a pampopi ndi okwera mtengo komanso amasowasowa. Funso lawo ndi ili: "Timamva kuti zomera zimenezi sizifuna chisamaliro. Kodi tikabzala tingazisiye zokha?"

Mayi, zikomo pondilembera. Yankho langa ndi lakuti ayi, musazisiye. N'zoona kuti sizilira madzi ambiri, koma zimalira manja a anthu, makamaka m'dzinja.

Chimene chimapha zomera zimenezi kwathu kuno si chilala, ndi madzi. Kuyambira Novembala mpaka Epulo nthaka imakhuta, ndipo mizu ikakhala m'matope masiku angapo imawola. Mumangoona chomera chafewa m'munsi, chachita chikasu, n'kugwa. Choncho ntchito yoyamba ndi yokonza nthaka. Unjikani milu yofika m'mawondo, musakanize dothi ndi mchenga wokhakhala wa kumtsinje pamodzi ndi timiyala, kuti mvula ikagwa madzi azingodutsa. Ngati malowo ndi a makande, mchengawo uchuluke. Manyowa akhale ochepa ndiponso owolerana bwino. Yambani mvula ikatha, cha mu Meyi. Mukadula nthambi kapena kuzula mwana wa alovera, muike pamthunzi sabata imodzi kuti bala liume, kenako mubzale. Mukabzala bala lili laliwisi, limawola.

Pa zobzala ndili ndi maganizo anga. Kakitasi kwawo ndi ku America, ndipo ina ikapeza malo imalanda tchire lonse. Ija ya masamba aphanthiphanthi yobala zipatso zaminga, ya mtundu wa Opuntia, inawononga malo odyetsera ziweto ku South Africa ndi ku Australia, ndipo ku Laikipia, m'dziko la Kenya, abusa akulimbana nayo mpaka lero. Tsamba limodzi likagwa pansi limamera. Mukaifuna, isungeni m'miphika, ndipo zodula musataye kudzala.

Ine ndikadakonda kuti gawo lalikulu likhale la zomera zathu. Ambiri timangodziwa alovera wa mankhwala uja, koma m'mapiri mwathu muli abale ake okongola zedi: Aloe cameronii wa masamba ofiira m'nyengo youma, Aloe chabaudii wa pamatanthwe, Aloe mawii wa ku Zomba, Aloe arborescens wa ku Mulanje. Maluwa ake amatuluka nthawi yachisanu pamene zina zonse zauma, ndipo timbalame toyamwa maluwa timadzazana pomwepo. Koma chonde musakazule kuphiri. Pemphani ana kwa amene ali nazo pakhomo, kapena mugule kunazale. Nkhadze nayo ndi ya m'gulu la zosunga madzi ndipo imatchinga mbuzi, koma mkaka wake umaotcha maso koopsa. Ngati pamalopo pamasewera ana a Sande sukulu, isakhalepo.

Tsopano ku nkhani ya anthu, imene ndi yovuta kuposa ya nthaka. Tsiku lobzala aliyense amabwera, nyimbo zili pakamwa. Mayeso amafika mu Januwale, udzu ukamera pakati pa minga pomwe khasu silingalowe, ndipo uyenera kuzulidwa ndi manja. Apa m'pamene minda yambiri ya gulu imafera. Gawanani ndime, aliyense adziwe mulu wake, ndipo mayina alembedwe m'kabuku. Ndi bwino kukumana ola limodzi Loweruka lililonse kusiyana ndi tsiku lathunthu kamodzi pa miyezi itatu. Kuthirira kukhale m'manja mwa munthu mmodzi, chifukwa aliyense akamabwera ndi ndowa yake mwachifundo, zomera zimamira. M'chilimwe kamodzi pa masabata awiri n'kokwanira, ndipo nthaka iyambe yauma. Yalani timiyala pamwamba pa milu kuti udzu uchepe. Mukaona tizilombo toyera tomata pamasamba, tsukani ndi mswachi wakale ndi madzi a sopo tisanafalikire. Pezaninso magolovesi okhuthala, ndipo pogwira kakitasi muzimukulunga ndi nyuzipepala yopindapinda.

Musachite manyazi kuyamba pang'ono. Munda wa Ewanrigg, womwe uli makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Harare, unayamba pamene mwini malowo, Harold Basil Christian, anabzalitsa Aloe cameronii pofuna kubisa mwala umene unali pabwalo lake, ndipo anapereka mundawo ku boma asanamwalire mu 1950. Munda wa Desert Botanical Garden wa ku Phoenix, ku Arizona m'dziko la America, unatsegulidwa mu 1939 ndi kagulu ka anthu okonda zomera za m'chipululu, ndipo mpaka pano umadalira kwambiri anthu ongodzipereka.

Musanakumbe, kambiranani ndi akuluakulu a mpingo kuti alembe m'mabuku awo kuti malowo aperekedwa kwa gulu lanu, kuopa kuti mawa pangadzamangidwe china. Chaka chino pangani milu itatu yokha. Ikapulumuka dzinja loyamba, ana amene idzabereke ndi amene mudzabzale pa milu yotsatira.