Botolo la Scotch M'nyengo Yotentha

Funso: Ndinagula wisiki ya Glenfiddich ya zaka 12 ku Lusaka, ndipo ndaigoneka m'kabati ngati vinyo kuti ikhwime zaka zina zisanu. Kodi ndikuchita bwino? — Wowerenga wa ku Kapata, Chipata

Yankho: Bambo, imikani botololo lero lomwe. Mphamvu ya Scotch, wisiki ya ku Scotland, sichepera 40 peresenti, choncho ikamakhudza chotsekera chofewa chija nthawi yaitali imachidya. Chimafumbutuka, tizidutswa n'kugwera mkati, mpweya n'kumalowa. Wogonekedwa ndi vinyo.

Za kukhwimazo musadikire. Wisiki imakhwimira mumgolo wa mtengo wa oak basi, ndipo lamulo limafuna zaka zosachepera 3 ku Scotland komweko. Ikalowa m'botolo, ya zaka 12 ikhalabe ya zaka 12.

Chotidetsa nkhawa kuno ndi kutentha kwa Okutobala, makamaka m'nyumba za malata. Kutentha kumafufumitsa mowawo, n'kumakankha chotsekera. Libwezereni botololo m'katoni yake, muliike pansi m'kabati, kutali ndi zenera, poti dzuwa limasulukitsa mtundu wa mowawo.

Mukadzatsegula n'kutsala pang'ono, tsanulirani m'kabotolo kagalasi kodzaza bwino, fungo lingathawe. Polawa, yambani mwanunkhiza, kenako donthezani madzi madontho atatu okha.