Kodi wa magazi kumaso uja ndi Dezső Gyarmati?

Bambo wina wanditumizira imelo ataona chithunzi chakale cha mnyamata akutuluka m'dziwe losambiramo, magazi ali chuchuchu kumaso. Akufunsa ngati ameneyo ndi Dezső Gyarmati, katswiri wa water polo (mpira wamanja woseweredwa m'madzi) wa ku Hungary uja.

Ayi bambo, ameneyo ndi Ervin Zádor, mnzake wa mu timu ya Hungary. Koma simunaphonye kwambiri, chifukwa Gyarmati anali m'madzi momwemo tsikulo, ndipo kaputeni anali iyeyo.

Zinachitika pa 6 Disembala 1956 pa masewero a Olimpiki ku Melbourne, patangotha mwezi umodzi akasinja a Soviet Union atathudzula anthu oukira boma ku Budapest, likulu la Hungary. Kuukirako kunayamba pa 23 Okutobala, tsiku lomwe Gyarmati ankakwanitsa zaka 29. Ndiye taganizani, matimu a mayiko awiriwa akukumana m'madzi akuya, mapazi osafika pansi, woyimbira akungoona zapamwamba pomwe pansipo anthu akuponderezana ndi kukokana zovala. Gyarmati ndiye anamwetsa chigoli choyamba. Hungary ikutsogola 4-0, Valentin Prokopov wa timu ya Soviet Union anamusasantha Zádor chibakera cha padiso, oonerera n'kuwira, masewero n'kuthera pomwepo. Kenako Hungary inagonjetsa Yugoslavia 2-1 n'kutenga golide.

Chimandiwawa n'chakuti anthu amangokumbukira magaziwo. Gyarmatiyu, wobadwira ku Miskolc mu 1927, anapita ku Olimpiki kasanu ndipo sanabwereko chimanjamanja: siliva ku London mu 1948, golide ku Helsinki mu 1952, ku Melbourne, ndi ku Tokyo mu 1964, malo achitatu ku Rome mu 1960. Ku Tokyo n'kuti akuyandikira zaka 37, m'masewero oti umapalasa madzi osapuma. Mpirawu umagwidwa ndi dzanja limodzi, ndiye iye anali wamanzere koma woponyanso bwino ndi lamanja. Womutchinga akanalowera kuti?

Osewera otchuka ambiri uphunzitsi umawakanika. Iye ayi. Timu ya dziko lake ili m'manja mwake inapambana mpikisano woyamba wa padziko lonse ku Belgrade mu 1973, golide ku Montreal mu 1976, ndi malo achitatu ku Moscow mu 1980. Mu 1990 analowanso kunyumba ya malamulo.

Pakhomo pakenso panali pa mamendulo. Mkazi wake woyamba, Éva Székely, anatenga golide wa kusambira ku Helsinki komweko, ndipo mwana wawo Andrea anabwera ndi mamendulo awiri kuchokera ku Munich mu 1972. Gyarmati anamwalira ku Budapest pa 18 Ogasiti 2013 ali ndi zaka 85.